Chotchinga moto pakati pa thanki ya m'buti ndi anthu: lata lanji, ndipo mabowo titseke ndi chiyani?

Mwinigalimoto

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi ya zitseko zinayi, ya buti yapayokha, ndipo ikukonzedwa kuti izithamanga pabwalo la mipikisano koma iziyendanso pamsewu. Thanki yomwe inabwera nayo, ya pansi pa mpando wakumbuyo, yachotsedwa. M'malo mwake muikidwa thanki ya aluminiyamu ya malita 40 m'buti, pamodzi ndi pampu yakunja ndi sefa yake. Injini ndi ya injection. Mpando wakumbuyo unachotsedwanso, moti munthu ali pa chiwongolero akacheuka akuiona thankiyo. Batire nalo tikufuna lipite kumbuyo.

Chotchinga chikhale cha chitsulo kapena cha aluminiyamu, ndipo chokhuthala bwanji? Tiwotcherere kapena tikhome mariveti? Mapaipi a mafuta ndi mawaya adutse bwanji? Ena akuti kungobwezeretsa mpando n'kokwanira, ena akuti thabwa la plywood lokutidwa ndi kapeti limagwira ntchito. Ine mtima sukukhazikika nazo.

Wowotcherera

Achimwene, mwachita bwino kusakhazikika mtima. Mpando ndi plywood zonse ziwiri zisiyeni. Siponji ya m'mipando ndi polyurethane: imamwa petulo, imayaka msanga, ndipo utsi wake uli ndi carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, womwe umakomola munthu malawi asanamufike. Plywood ndi nkhuni basi.

Musanasankhe lata, dziwani chimene mukutchinga. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Nthunziyo imalemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi, choncho siuluka n'kupita ayi, imatsika n'kukhala m'malo otsika monga dzenje la tayala lasipeya ndi popondera mapazi. Imatha kugwira moto ikangofika pafupifupi 1.4 peresenti ya mpweya. Werengerani: buti ya malita 400 imafika pamlingo umenewo ndi petulo wokwana mamililita pafupifupi 30 okha akauma n'kusanduka nthunzi, ndiye kuti masipuni akuluakulu awiri. N'chifukwa chake khoma lotchingali liyenera kuletsa zinthu zitatu, malawi, petulo wamadzi ndi nthunzi. Lata lokhuthala ngati chitseko cha sefa yosungiramo ndalama koma lokhala ndi mpata wolowa chala m'mphepete laletsa chimodzi chokha mwa zitatuzi, ndiponso kwa kanthawi.

Pa makulidwe, malamulo a NHRA, bungwe la ku America la mipikisano ya drag, yothamanga pamzere wowongoka, amafuna chitsulo chosachepera 0.024 inchi kapena aluminiyamu wosachepera 0.032 inchi pakati pa thanki ya m'buti ndi dalaivala. Ndiye kuti mamilimita 0.6 ndi 0.8. Amenewo ndi malire apansi penipeni. Ine ndingakulangizeni chitsulo cha mamilimita 0.9 mpaka 1.2. Chochepera apo chimavuta kuwotcherera chifukwa chimaboka, ndipo chimalira galimoto ikamayenda. Mukasankha aluminiyamu, asachepere mamilimita 1.5.

Koma mukandifunsa chomwe chili bwino, ndi chitsulo. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo amayamba kufooka kalekale asanafike pamenepo. Moto wa petulo umapitirira madigiri 800 mosavuta. Chitsulo chimasungunuka kupitirira madigiri 1,400. Chimafiira, chimapindika, koma chimakhalabe pamalo pake. Kulemera kumene mungapulumutse n'kochepa: lata la chitsulo la milimita 1 lokula sikweya mita imodzi limalemera makilogalamu osakwana 8, la aluminiyamu la 1.5 limalemera 4. Makilogalamu anayi amenewo si oyenera kusinthanitsa ndi nthawi yotulukira m'galimoto. Magnesium musayerekeze, nayonso imayaka moto. Fibreglass ndi polycarbonate nazonso ayi; utomoni wa fibreglass umayaka, ndipo polycarbonate amafewa asanafike madigiri 150.

Kagwiridwe kake. Chotsani kapeti, phula lodeketsa phokoso ndi zomata zonse mpaka chitsulo chioneke. Dulani katoni yoyezera, muiyese mpaka ikhale bwino paliponse, kenako mukopere pa lata n'kusiya mlomo wa mamilimita 20 mpaka 25 kuzungulira, woti ugone pa chitsulo cha galimoto. Ndi bwino kupanga zidutswa ziwiri kapena zitatu zolumikizana bwino kusiyana n'kukakamiza lata limodzi lalikulu lomwe silikhala m'makona. Pakati pa lata dindanipo mizere ndi bead roller, makina odindira mizere pa lata, kuti lilimbe ndi kuleka kulira.

Malo omwe anthu ambiri amaiwala ndi awa. Shelefu ya kuseri kwa mpando, pansi pa galasi lakumbuyo, ili ndi mabowo a masipika, a malamba ndi a nyali yachitatu ya mabuleki. Yonseyo ndi denga la buti, iyenera kutsekedwa. Kenako mphako za m'mbali, pamwamba pa matayala akumbuyo ndi mkati mwa nsanamira zakumbuyo. Mphako zimenezi zimalumikiza buti ndi mkati mokhala anthu kuseri kwa mapulasitiki, ndipo moto umakwera nazo mosaoneka. Pisani mkono m'buti mulondole mphako iliyonse mpaka pomwe yathera. Iliyonse imafuna kachidutswa kake ka lata.

Mukawotcherera, gwirizitsani kaye madontho motalikirana, kenako muziwotcherera tizigawo ta masentimita awiri kapena atatu modumphadumpha kuti lata lisapindike ndi kutentha, mpaka mzere wonse utsekeke. Ngati lata ndi lagalavanaizi, palani zinki pamalo powotchererapo, utsi wake umadwalitsa.

Wamapaipi

Ndikugwirizana ndi a Wowotcherera pa chitsulo. Ndiwonjezere za mariveti, chifukwa si onse angawotcherere, ndipo aluminiyamu sangawotchereredwe pa bodi yachitsulo.

Mariveti wamba a pop ali ndi kabowo pakati, kamene kamsomali kamadukira. Petulo amadutsa pamenepo. Gulani otseka kunsonga, achitsulo kapena a stainless, a mamilimita 4 kapena 4.8, muwakhome motalikirana mamilimita 40 mpaka 50. Lata lachitsulo lokhomedwa ndi mariveti a aluminiyamu limagwa moto ukakula, chifukwa mariveti ndiwo amayamba kusungunuka. Aluminiyamu akagona pa chitsulo chosapenta pamalo a chinyezi amadyeka, choncho pentani mbali zonse ziwiri musanakhome.

Chomatira m'mphepete ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Silicone wamba wa m'bafa kapena wa magasiketi amatupa n'kumatuka akakhala mu petulo. Chomwe chimapirira mafuta ndi chomatira cha polysulfide, chomwe amamatira mathanki a ndege. Pakani mzere pakati pa lata ndi bodi musanakhome mariveti kuti chifinyike mkati. Mbali ya anthu onjezerani mzere wa chomatira cha moto cha intumescent, chija chimafufuma chikatenthedwa n'kutseka mpata. Chimodzi chikuletsa mafuta, chinacho chikuletsa malawi.

Tsopano mapaipi. Njira yabwino koposa ndi yakuti asadutse n'komwe m'khomalo. Atuluke pansi pa buti, ayende kunsi kwa galimoto mkati mwa mizere ya chasisi, atamangidwa ndi ma P-clip, timalamba togwirira paipi, pa masentimita 25 mpaka 30 alionse, kutali ndi ekizozi ndi shafiti, ndipo asakhale chinthu chotsikitsitsa pansi pa galimoto. Ngati palibe kuchitira mwina koma kudutsa mkati, malamulo a FIA, bungwe la mipikisano ya galimoto padziko lonse, mu Appendix J, gawo 253, amalola mapaipi a mafuta kudutsa mokhala anthu pokhapokha pasakhale polumikizira paliponse mkatimo, kupatula pa khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo. Ndiye kuti paipi imodzi yosaduka, yachitsulo kapena ya PTFE (pulasitiki yopirira mafuta, ija ya Teflon) yolukidwa ndi waya wa stainless, ndipo pakhomapo mumange bulkhead fitting, ija ya nati yomwe imapana lata. Saizi ya AN-6, yomwe ndi 3/8 inchi, imakwanira injini zambiri. Musaboole bowo n'kulowetsa paipi ya rabara mu grommet, kamphete ka rabara kotetezera pabowo. Moto ukabwera rabarayo amapsa, bowo limatseguka, ndipo paipiyo imakhala ikulavulira petulo pabowo lomwelo.

Samalani ndi mtundu wa paipi. Injection imagwira pa mphamvu ya pafupifupi 3 bar, pomwe kabureta safika ngakhale theka la bar. Paipi yolembedwa SAE J30R7 ndi ya mphamvu yochepa. Ya injection ndi J30R9. Yomira mkati mwa thanki ndi J30R10, chifukwa zinazo khungu lake lakunja limasungunuka zikamira mu petulo. Mapaipi a rabara, ngakhale olukidwa ndi waya, amatulutsa fungo la petulo pang'onopang'ono kudzera m'thupi mwake, n'chifukwa chake m'buti ndi mkati PTFE ndiye woyenera. Sankhani wa mkati mwakuda, wokhala ndi carbon, kuti magetsi a static asaunjikane mafuta akamathamanga.

Paipi yopumira thanki isathere m'buti. Ikwere kuchoka pa thanki mpaka pamwamba momwe mungathere, izungulire, kenako itsike n'kutulukira kunja pansi pa galimoto, kutsika kuposa pansi pa thanki, mbali yomwe kulibe ekizozi. Pa thankipo pakhale rollover valve, ya kampira kamene kamatseka galimoto ikagadabuzika. Popanda imeneyi, galimoto ikagona chagada malita 40 onse amatuluka ndi paipi yopumirayo.

Pothirira mafuta napo pakhale kunja kwa bodi. Ngati chivindikiro chili pa thanki penipeni m'buti, pangani kambale kozungulira khosi lake kokhala ndi paipi yotayira pansi, chifukwa pothira mafuta pamatayika ndithu.

Wachasisi

Zomwe anena anzangawa n'zoona, koma ndisiyane nawo pang'ono pa chinthu chimodzi. Khoma la kuseri kwa mpando palokha silindikwanira. Pa galimoto yosinthidwa chonchi ndi bwino thanki ikhale m'bokosi lakelake lachitsulo lotsekeka, kenako khoma libwere ngati chitetezo chachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti galimoto ikagundidwa kumbuyo, bodi imakwinyika, ndipo mizere ija munamata bwinobwino m'mbali mwa matayala ndi yomwe imayamba kung'ambika. Bokosi laling'ono limasuntha lathunthu pamodzi ndi thanki.

Bokosilo likhale la chitsulo cha milimita 1 kapena kuposerapo, chivindikiro chake chomangidwa ndi mabawuti pa gasiketi ya rabara wopirira mafuta wa nitrile kapena Viton. Rabara wa EPDM, uja wa m'zitseko, amatupa mu petulo. Pansi pa bokosi pakhale bowo la mamilimita 10 mpaka 12 lotulukira kunja kwa galimoto pakona yotsikitsitsa. Pampu ndi sefa zikhale m'bokosi momwemo kapena kunsi kwa galimoto. Mfundo yake ndi yakuti mbali ya anthu mutseke kotheratu, mbali ya kunja mutsegule. Mafuta otayika ayenera kupeza njira yapafupi yopita pansi, apo ayi adzafunafuna yopita kutsogolo, makamaka pa mabuleki pomwe chilichonse chamadzi chimathamangira komweko. Dzenje la tayala lasipeya nalonso libooleni pansi.

Pali chinanso chokhudza mpweya. Galimoto ikamathamanga zenera lakutsogolo lili lotsegula, mpweya wa mkati umakokedwera kunja, ndipo wolowa m'malo mwake umachokera kumbuyo. Kabowo kalikonse ka m'khoma kamayamba kuyamwa nthunzi ya m'buti kupita kwa dalaivala. Mukamva fungo la petulo mutatsitsa galasi, khoma lanu likudontha penapake. Dziwaninso kuti galimoto zambiri zimatulutsa mpweya wa mkati kudzera m'buti, pa timazenera ta rabara tobisika kuseri kwa bampala. Mukatseka khoma njira imeneyo yatha, zitseko zimayamba kulimba potseka ndipo magalasi amachita nkhungu. Musaboole khomalo pofuna kukonza zimenezi. Pangani potulukira mpweya pena, kutsogolo kwa khoma.

Malo oika thanki ndi nkhani yaikulu kuposa makulidwe a lata. Ford Pinto ya m'ma 1970 inali ndi thanki pakati pa ekisele yakumbuyo ndi bampala. Ikagundidwa kumbuyo thanki inkakankhidwira pa mabawuti a difu, ndipo khosi lothirira mafuta linkazuka. Mu 1978 kampaniyo inaitanitsa galimoto pafupifupi 1.5 miliyoni kuti ikaikemo chotchinga pakati pa thanki ndi difu ndi kutalikitsa khosi lija. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri masiku ano amaika thanki pansi pa mpando wakumbuyo, kutsogolo kwa ekisele, pamalo pomwe inu mwaichotsa. Ndiye isunthireni kutsogolo momwe mungathere, pakati pa matayala, musiye mpata waukulu pakati pa thanki ndi kumbuyo kwa galimoto. Yang'anani chilichonse chosongoka chomwe chingaiboole bodi ikakwinyika: nsonga za mabawuti, chokokera ngolo, jeke. Pakhosi lothirira pakhale chigawo chofewa cha paipi yopirira mafuta, chotalikirapo, ndi valavu yoletsa mafuta kubwerera.

Kumanga kwake: lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.74, ndiye malita 40 ndi makilogalamu 30, kuphatikiza thanki tinene 36. Pangozi ya 20 g, pomwe chinthu chimakoka kuwirikiza ka 20 kulemera kwake, katundu ameneyo amakoka ngati makilogalamu 700 ndi kuposa. Timakutu ta aluminiyamu towotchereredwa m'makona mwa thanki timathyoka, ndipo pothyoka timang'amba thankiyo. Mangani ndi malamba awiri achitsulo a mamilimita 30 kwa 3 ozungulira thanki yonse, pansi pake mutayala rabara wopirira mafuta, mabawuti a M10 a giredi 8.8, ndi timbale tachitsulo ta mamilimita 3 kunsi kwa bodi kuti bawuti lisazuke ndi lata.

Kunena zoona, thanki ya aluminiyamu yopanda kanthu mkati imang'ambika m'mizere yowotcherera. Ngati thumba likulola, gulani fuel cell yeniyeni, ya chikwama chofewa mkati ndi siponji yoletsa mafuta kukhavuka, ya muyezo wa FIA FT3-1999 kapena kuposerapo. Chikwamacho chimaloledwa zaka 5 kuchokera tsiku lopangidwa, ndipo wopanga akachiyeza angawonjezere zaka zosapitirira 2. Onaninso buku la malamulo a mpikisano womwe mukufuna kulowa, komanso malamulo a pamsewu ndi a inshuwalansi a komwe muli, musanadule lata.

Mwinigalimoto

Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Tipita ndi chitsulo cha milimita 1 ndi bokosi. Mafunso awiri otsala. Mphako za m'nsanamira zija n'zovuta kufikamo ndi lata. Kodi thovu lofufuma la m'chitini lingatseke? Nanga batire ndi mawaya opita ku nyali zakumbuyo?

Wamagetsi

Thovu ayi, bambo. Nalonso ndi polyurethane, limayaka, limasunga chinyezi n'kudyetsa bodi dzimbiri mkati. Ngakhale lolembedwa kuti ndi la moto linapangidwira mipata ya m'makoma a nyumba, osati malo a petulo. Pomwe lata silingafike, kanikiziranimo ubweya wa miyala, rock wool, mothina, kenako mutseke kukamwa kwa mphakoyo ndi kachidutswa ka lata ndi chomatira. Ubweyawo usakhale poonekera mbali ya thanki, ungamwe mafuta.

Batire lisakhale chipinda chimodzi ndi thanki popanda chotchinga. Ndilo gwero la moto lomwe nthunzi ija ikudikira: chingwe chikakhwepa chimathetheka, ndipo batire la asidi limatulutsa hydrogen likamatchajidwa. Liikeni m'bokosi lake lotsekeka lokhala ndi paipi yopumira kunja, mbali ina kutali ndi pampu, lomangidwa ndi mabawuti odutsa bodi. Chala cha positive chivindikiridwe ndi rabara. Fyuzi yaikulu ikhale pafupi ndi batire, mkati mwa masentimita 20 kapena 30, chifukwa chingwe chonenepa chopita ku sitata chikakhudza bodi popanda fyuzi chimafiira utali wake wonse. Chingwecho chiyende mbali ina ya galimoto, mapaipi a mafuta mbali inayo. Podutsa khoma gwiritsani ntchito bulkhead stud, bawuti lokutidwa lomwe chingwe chimamangidwa uku ndi uku.

Mawaya ang'onoang'ono a nyali asonkhanitseni adutse pabowo limodzi, pamwamba pa khoma osati pansi pomwe mafuta angafike, kudzera mu cable gland yachitsulo, nati yopana mawaya pabowo, kapena pulagi yotsekeka, kenako muzungulize chomatira cha intumescent. Zingwe zotsegulira buti ndi kachitseko ka mafuta nazonso zili ndi mabowo ake, musaziiwale. Thanki ndi khosi lothirira zilumikizidwe ku bodi ndi waya wa earth.

Chofunika kwambiri kumbali yanga ndi kuzimitsa pampu. Pampu ya malita 255 pa ola imatulutsa malita opitirira anayi pa mphindi imodzi. Paipi ikaduka pangozi, pampu n'kupitiriza kulira, khoma lililonse ligonja. Musailumikize pa switchi yapayokha kapena pa kiyi mwachindunji. Idutse pa relay, switchi yoyendera magetsi, yolamulidwa ndi kompyuta ya injini, yomwe imaiyatsa masekondi awiri kapena atatu mukatembenuza kiyi, n'kuizimitsa injini ikaleka kuzungulira. Pa waya wolamula relay onjezeranipo inertia switch, ija imadula magetsi galimoto ikagunda; imangidwe choimirira pa chitsulo cholimba cha bodi, pomwe mungafikire kuidina kuti ibwerere. Relay ndi fyuzi ya pampu zikhale kunja kwa chipinda cha thanki.

Chozimitsira moto chikhale cha ufa cha makilogalamu 2 kapena cha thovu la AFFF cha malita 2.4, chomangidwa ndi malamba achitsulo pomwe dalaivala angachifikire ali chimangire lamba. Chikakhala m'buti ndiye kuti chili kumene kuli moto.

Wowotcherera

Mawu awiri omaliza kwa ine. Powotcherera kapena kudula ndi girayinda, thanki ndi mapaipi zikhale zitatuluka m'galimoto, zili kutali. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa mwadzaza nthunzi yosakanikirana ndi mpweya. Chotsaninso chingwe cha batire, ndipo muone kuseri kwa pomwe mukuwotcherera, phula la kunsi kwa bodi limagwira moto mwakachetechete.

Mukamaliza, yesani thanki isanabwerere. Ikani nyali yowala kwambiri m'buti, mutseke, mukhale mkati mwa galimoto mumdima. Pomwe patuluke kuwala pali bowo. Kuwala sikukhota m'mphako, choncho bwerezani ndi makina a utsi aja amafufuzira podontha mpweya pa injini: dzazani utsi m'buti, mutsitse galasi pang'ono, muone ngati utsi ukulowa. Pomaliza thirani madzi malita asanu m'buti galimoto itaweramira kutsogolo. Onse atulukire pansi pa mabowo otayira, ndipo kuseri kwa khoma kukhale kouma. Kenako bwezerani thanki, yatsani pampu injini isanalire, mupukute polumikizira paliponse ndi pepala loyera kuti muone ngati panyowa. Mayeso a utsiwa muziwabwereza chaka chilichonse, komanso nthawi iliyonse munthu akaboola khomalo kuti adutsitse waya watsopano.